Injini ya pushrod musainyoze

Anzanga okonda magalimoto, nkhani ya ma muscle car, magalimoto a ku America a injini zazikulu za V8, ikangoyambika timathera pa manambala. Uyu akuti Hellcat inatuluka ndi horsepower 707, uyo akuti Demon 170 inafika 1,025, winanso akutulukira ndi Shelby GT500 ya 760. Manambalawo ndi okoma kumva, sindikana. Koma ine chimene chimandikoka mtima ndi kapangidwe ka injini zakezo, ndipo pamenepo ndili ndi mbali yanga: injini ya pushrod, ija ambiri amainyoza kuti ndi ya makedzana, ndiyo yopangidwa mwanzeru kuposa zonse pagulu limeneli.

Amene munatsegulapo injini ya Corolla mukudziwa kuti camshaft, chitsulo chozungulira chimene chimatsegula mavalavu, imakhala pamwamba, mu hedi, pafupi ndi mavalavu. Ford inatsata njira imeneyo pa injini yake ya Coyote, ya malita 5.0, yomwe inalowa mu Mustang GT mu 2011. Popeza V8 ili ndi mahedi awiri, ma camshaft ake ndi anayi, mavalavu 32, ndipo zonsezi zimazungulitsidwa ndi matcheni ataliatali ochokera pansi pa crankshaft, chitsulo chimene mapisitoni amazungulitsa. Ya Chevrolet ndi HEMI ya Dodge sizili choncho. Camshaft ndi imodzi basi, yobisala m'kati mwa buloko, pakati penipeni pa V. Kuchokera pamenepo timitengo tachitsulo, totchedwa pushrod, timakwera m'mwamba kukakankha ma rocker, ma rocker n'kutsegula mavalavu. Mavalavu awiri pa silinda iliyonse, onse pamodzi 16, katcheni kake kakafupi.

Ndiye taonani chimene chimachitika. Poti mu hedi mulibe katundu wambiri, hediyo imakhala yaing'ono, injini yonse n'kukhala yopyapyala ndi yaifupi. LT1 ya mu Chevrolet Camaro SS ndi ya malita 6.2, koma mukaiika pansi pambali pa Coyote ya 5.0, yooneka yaikulu ndi ya Ford. Ambiri sakhulupirira mpaka ataona ndi maso. Ichi n'chifukwa chake ku America anyamata a m'magalaja amatenga injini ya LS, ya pushrod ya Chevrolet, n'kuilowetsa paliponse, mu Mazda MX-5, mu Nissan zakale, ngakhale mu Land Rover. Imakwana, boneti n'kutsekeka bwinobwino. Kulemera kwake kumakhalanso pansi, zimene zimathandiza galimoto pokhota.

Chevrolet inayamba banja la injini limeneli, la small-block, mu 1955, ndipo mtunda wa pakati pa silinda ndi silinda inzake, mainchesi 4.4, sunasinthe mpaka lero. Apa ndi pamene onyoza amapezera podyera, amvekere mwaona, injini ya agogo. Ayi ndithu. Mu 1997 anaijambulanso yonse n'kutulutsa LS1 ya buloko ya aluminiyamu. LT1 ya mu Camaro SS ija imathira petulo mwachindunji mu silinda, imasintha nthawi yotsegulira mavalavu, ndipo ukamayenda modekha pa msewu wautali imatha kuzimitsa masilinda anayi kuti isamwe kwambiri. Imapereka horsepower 455 ndi torque ya 617 Nm, ndipo torque imeneyo, mphamvu yokokera, sumachita kuifunafuna kumwamba. Ukangoponda pang'ono imakoka ngati ng'ombe zapangolo, osadikira kuti ulize injini kaye.

Zofooka zake zilipo, tisabise. Timitengo tija ndi ma rocker n'zolemera, ndiye injini ikathamanga kwambiri mavalavu amayamba kulephera kutsatira. Coyote imafika 7,500 rpm mosavuta, pamene ya pushrod imakhala itatha kale mpweya. Palinso ma lifter, tizitsulo tokhala pakati pa camshaft ndi timitengo tija, makamaka aja ozimitsa masilinda. Eni magalimoto a GM, kampani ya Chevrolet, ndi a Dodge ku America akhala akudandaula nawo zaka zambiri: kumayamba kaphokoso ka tiki tiki tiki injini ikamalira payokha, ukakanyalanyaza lifter imadya camshaft, ndiye ntchito yake n'kukhala yotsitsa mahedi. Amene amakonda injini yolira mpaka kumwamba, a Ford anawapatsa chinthu chenicheni, pamenepo sinditsutsa.

Za kulira tiimepo pang'ono, chifukwa ambiri amaganiza kuti phokoso la V8 ya ku America limachokera ku ekizozi. Ekizozi imangolikweza. Gwero lake ndi crankshaft. Mukaisuzumira chakumapeto, mikono yake imapanga mtanda, uliwonse utapatukana ndi unzake madigiri 90. Chifukwa cha ichi, masilinda a mbali imodzi saphulika motsatana bwino: nthawi zina awiri a mbali yomweyo amawomba mondondozana, kenaka mbali imeneyo n'kukhala kaye chete. Kusalingana kumeneko ndiye gubudu gubudu uja timamumva galimoto itaima pa maloboti. Ford inayesapo zina pa Shelby GT350, ndi injini ya Voodoo ya malita 5.2. Crankshaft yake ndi yafulati ngati ya Ferrari, imafika 8,250 rpm, horsepower 526 popanda supercharger kapena turbo, zopopera mpweya mu injini. Kulira kwake n'kokuwa, kosangalatsa zedi, koma crankshaft yotere pa injini yaikulu choncho imanjenjemeretsa zinthu. Atafika pa GT500 anabwerera ku ya mtanda ija.

Tsopano Hellcat ya Dodge, mfumu ya mavidiyo. Kunena zoona ndimaikonda chifukwa cha mwano wake. Buloko yachitsulo cholemera, pushrod yomwe ija, mapulagi awiri pa silinda iliyonse, pamwamba n'kukhazikapo supercharger ya malita 2.4, yomwe payokha kukula kwake kukuposa injini za magalimoto ambiri amene timakwera kuno. Anaigulitsa mu 2015 ndi makiyi awiri: wakuda umatsekera mphamvu pa horsepower 500, wofiira umamasula zonse. Tangoganizani, 500 kukhala ya kiyi wobwereketsa mlamu. Demon 170 ya 2023 inafika 1,025 ija ndi mafuta a E85, osakaniza ethanol wambiri, ndipo pa petulo wamba imatsikira ku 900. Koma galimoto imene injiniyi inakhalamo ndi nkhani ina. Challenger inabwerera mu 2008 pa chassis ya m'nthawi imene Chrysler, eni ake a Dodge, inali pa ukwati ndi Daimler, eni ake a Mercedes, zida zina za pansi zikuchokera ku ma Mercedes a nthawi imeneyo, ndipo imalemera pafupifupi matani awiri. Pa msewu woongoka palibe woiletsa. Pakona ndiye umapemphera.

Camaro ndiyo inali galimoto ya mainjiniya. Ya m'badwo wachisanu ndi chimodzi inakhala pa chassis ya Alpha, yomwenso inanyamula Cadillac ATS, yopepuka ndi yolimba. ZL1 1LE, ya injini ya LT4 ya horsepower 650, inazungulira bwalo la mpikisano la Nürburgring ku Germany pa mphindi 7 ndi masekondi 16, nthawi imene magalimoto ambiri a ku Ulaya okwera mtengo kuiposa amaisirira. Injini ya agogo ija, mavalavu 16. Nanga msika unati bwanji? Anthu anadandaula kuti mawindo ake ndi aang'ono, suona bwino kunja, kumbuyo kosakhalika, buti yopanikiza. Anakagula Challenger, yomwe mu 2021 inagulidwa ku America kuposa ngakhale Mustang, ili ndi thupi lomwe lija la 2008. Zimandiwawa, koma ndimawamvetsa. Munthu wogula muscle car sakupita ku Nürburgring. Akufuna mpando wotakasuka, kulira kwabwino, ndi utsi wa matayala kamodzikamodzi.

Kumapeto kwa 2023 zonse ziwiri zinatsekedwa. Challenger ndi Charger yakale zinasiya kupangidwa ku Brampton m'dziko la Canada, Camaro nayo ku Lansing, Michigan. Malamulo a utsi ndi kamwedwe ka mafuta anali atathina. Charger yatsopano itatuluka mu 2024 inalibe V8. Inayamba ndi ya magetsi, Daytona, kenaka ya injini ya Hurricane, masilinda 6 ondondozana ndi ma turbo awiri, yomwe yamphamvu yake imafika horsepower 550. Hurricane ndilibe nayo mawu, ndi injini yabwino, kungoti ndi maganizo a BMW atavala jekete la Dodge. Chimene sindingachilandire ndi chija anachitcha Fratzonic pa ya magetsi, chipangizo chotulutsa phokoso lonamizira injini. Galimoto ya magetsi ili ndi ubwino wakewake, torque yonse imabwera nthawi yomweyo, bwanji osanyadira zimenezo? Kulira kwa V8 kumachokera ku mtanda wa crankshaft uja, ndipo m'galimoto imeneyi mulibe crankshaft. Ogula nawo sanapusitsike. Ngakhale ku mbali ya mapikapu, Ram itachotsa HEMI ya 5.7 anthu anakwiya, mpaka mu 2025 kampaniyo inalengeza kuti ikuibwezeretsa.

Pakati pa Mustang, Camaro ndi Challenger, amene anakhalabe ndi V8 osadukiza ndi Mustang, ndiye kuti Coyote yomwe ndakhala ndikuichepetsayi, tsopano ili pa horsepower 480 mu GT ndi 500 mu Dark Horse. Ndipo kwa ife oyenda kumanzere kwa msewu, ndiyo yokhayo yomveka. Kuyambira 2015, chaka chimene Ford inaikanso suspension yodziimira payokha ku matayala akumbuyo a Mustang zonse, fakitale ya ku Flat Rock inayamba kutulutsa za chiwongolero cha kumanja, n'chifukwa chake amene muli ku Johannesburg kapena ku London mumakumana nazo pa msewu. Camaro ndi Challenger za masiku ano sizinatulukepo m'fakitale ndi chiwongolero cha kumanja.

Komabe wina atati sankha lero, msonkho ndi mzere wa petulo usaziganizire, ine ndikutenga Camaro SS 1LE ya magiya 6 osintha ndi dzanja. Za mahampu ndi za kupitirira thiraki pa M1 uli pa chiwongolero cha kumanzere, mawindo ali ang'onoang'ono choncho, ndizikhazika mlamu uja kumanja azindiuza ngati kutsogolo kuli bwino.