Ngati muli wamanyazi, ntchito yokonza nyumba musaiyang'anire nokha

Anthu ambiri akafuna kukonzanso nyumba popanda kulemba kontilakitala amadalira diso lawo. Amati amadziwa mitundu ya penti yogwirizana, ndipo foni yawo yadzaza zithunzi za makhitchini okongola. Diso limenelo ndi labwino, koma maganizo anga ndi akuti limagwira ntchito sabata yomaliza yokha. Miyezi yonse yotsalayo imafuna chinthu chimene ambirife sitinaleredwe nacho: kufunsa bambo wamkulu msinkhu kuti "amisiri, lero mwatsegula matumba angati?" kenako n'kupita kuseri kukawerenga matumba opanda kanthu iwo akukuonani.

Manyazi anapha Lambe, ndipo pa saiti amayambira pa adivansi. Lachitatu masana mmisiri akubwera chipewa chili m'manja: "Abwana, kunyumba mwana sakupeza bwino, mundiganizireko pang'ono." Nthawi zambiri sakunama ayi. Mumupatsa. Sabata yamawa ndi lendi, inayo ndi maliro kumudzi. Pomwe ntchito ikufika pakati, ndalama ya leba watenga kale magawo atatu mwa anayi. Apa ndi pamene amayamba kusowa, foni osayankha, ndipo eni nyumba amathamangira kunena kuti amisiri ndi akuba. Koma taganizani: munthuyo kwa inu watsala ndi masabata atatu ogwira ntchito yomwe ndalama yake anadya kale, pomwe kwina akumuitana ndi dipoziti yatsopano. Ana ake adya chiyani akakhala kwa inu? Amene anamuthamangitsa ndi inuyo, ndi chifundo chosalemba.

Munthu woyenera ntchito imeneyi amagula kope tsiku loyamba. Amagawa ntchito m'zigawo zooneka ndi maso, monga denga, mapaipi ndi mawaya, pulasitala, pansi, penti, chilichonse ndi mtengo wake, ndipo onse awiri amasaina. Amalipira chigawo chikatha, osati chikayamba. Amasunga 10 peresenti mpaka patadutsa mwezi, kapena mpaka mvula yoyamba ngati ntchitoyo inali ya denga. Amalipira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba kuti uthenga ukhale umboni. Mwana akadwala amathandiza ndithu, koma amanena pomwepo ngati ndi mphatso kapena ndi yodula pa malipiro, n'kulemba.

Izi sizikutanthauza kuti mukhale wolusa. Bwana wokalipa amaluza mofanana ndi wamanyazi, kungoti iye amazindikira mochedwa. Mmisiri amene amatukwanidwa pamaso pa madakaboyi ake akaboola paipi mwangozi sanena, amangomata simenti pamwamba, ndipo inu mudzaona chinyezi pakhomalo atachoka kalekale. Mawu otsika, funso lolunjika, madzi akumwa ndi nsima pa nthawi yake ngati munagwirizana choncho, basi.

Koma simungafunse zimene simukuzidziwa, ndiye pali masamu ochepa ofunika kukhala m'mutu. Thumba la simenti ndi makilogalamu 50, ndipo mukalikhuthula limakwana malita pafupifupi 33. Wilibala ya omanga yodzaza mosalaza pamwamba imalowa malita pafupifupi 65, kutanthauza matumba awiri. Choncho akati kasakanizidwe ka 1 kwa 6, ndiye thumba limodzi pa mawilibala atatu a mchenga. Akati 1 kwa 4, thumba limodzi pa mawilibala awiri. Cholakwika chofala ndi kumva "1 kwa 6" n'kuthira mawilibala asanu ndi imodzi pa thumba limodzi, zomwe zimapanga 1 kwa 12. Pulasitala wotere amaoneka bwinobwino tsiku loyamba. Pakatha sabata tengani msomali mukande pakona: mchenga ukamayoyoka ngati mgaiwa, simenti inachepa, kapena inatuluka pa geti. Kuchulukitsanso sikuthandiza, chifukwa pulasitala wa simenti yambiri amauma n'kung'aluka timizere ngati mapu.

Pulasitala wokhuthala mamilimita 15 amadya thumba limodzi pa masikweya mita pafupifupi 10. Chipinda cha mamita 4 kwa 3, chotalika mamita 2.7, mukachotsa chitseko ndi zenera chimatsala ndi makoma a masikweya mita pafupifupi 34. Amenewo ndi matumba anayi, mwina asanu ngati makoma ndi okhota. Wina akakuuzani khumi, simukufunika kukangana naye. Mungoti, "Tabwerani tiwerengere limodzi, mwina ine ndi amene ndikulakwitsa."

Mchenga nawo muziuyesa lole isanatsitse. Thirani mchenga theka la botolo loonekera, dzazani madzi, khutchumulani, muliike pansi kwa maola angapo. Mchenga umakhala pansi, matope pamwamba pake. Matopewo akayandikira gawo limodzi mwa magawo khumi, mchengawo ndi dothi, ndipo simenti siigwira bwino. Kubweza lole yomwe dalaivala wake waima pomwepo akukupemphani, amenewo ndiwo mayeso enieni a khalidwe lanu.

Chinthu china chofunika ndi kudekha, ndipo pano sindikunena kudekha ndi anthu koma ndi simenti. Simenti silimba chifukwa yauma, imalimba chifukwa ikumwa madzi. Pulasitala ndi konkire zimafunika kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7, makamaka mu Okutobala pamene dzuwa limaumitsa khoma lisanagwire. Konkire amafika mphamvu yake yeniyeni pa masiku 28. Mmisiri sabwera Lamlungu kudzathirira, ndiye ngati simuli munthu wodzuka m'mamawa ndi ndowa, pezani woti azichita zimenezo.

Penti ndiye imagwetsa anthu aphuma, makamaka amene akufuna nyumba iwale Khirisimasi isanafike kapena chinkhoswe chisanachitike. Pulasitala watsopano amafuna masabata anayi kapena kupitirira. Mukapaka msanga, chinyezi chimatuluka ndi mchere woyera uja, penti n'kutukusira n'kuyamba kusendeka. Kuyesa kwake n'kosavuta: matani kapulasitiki pakhoma ndi tepi mbali zonse, mukaone mawa lake. Mkati mukakhala thukuta, khoma silinaume. Nyumba zakale zomwe zinkapakidwa laimu chaka ndi chaka zimafunika kupalidwa kaye mpaka laimu atachoka, kenako primer, penti yoyamba yothandiza kuti inayo igwire khoma, apo ayi penti yanu ya PVA yodulayo idzakanirira pa ufa n'kugwa nawo limodzi. Lita imodzi ya penti imakwana masikweya mita 8 mpaka 10 pa kupaka kamodzi, ndipo madzi osungunulira asapitirire zimene zalembedwa pa chigubu. Chigubu chimodzi chikamaliza nyumba yonse kawiri, musasangalale, mwapaka madzi.

Khoma lonyowa m'munsi lisapakidwe penti musanapeze gwero. Mwina dothi la panja lakwera kuposa pansi pa nyumba, mwina madzi a padenga amagwera patsinde pa khoma chifukwa palibe kakhonde kozungulira, mwinanso paipi ikudontha mkati. Wopaka penti angakuuzeni kuti ali ndi penti yotseka chinyezi. Idzatseka miyezi itatu.

Tsopano za anthu osintha maganizo, amene ine ndimawaopa kuposa amanyazi. Ntchito ili ndi ndondomeko yake. Denga limayamba, ndipo lithe mvula ya Novembala isanagwe. Kenako kugumula zofunika kugumula, kenako mapaipi a madzi ndi a mawaya, pulasitala, siling'i, pansi, matailosi, penti, ndipo masoketi ndi mipopi yokongola ija zimabwera pomaliza. Chilichonse chimakwirira chinzake. Mukanena kuti soketi ikhale mbali ina pulasitala atatha, mulipira kugoba khoma, kumatanso, kudikiranso kuuma, ndipo chigambacho chidzaonekabe pansi pa penti dzuwa likamawomba cham'mbali. Kusuntha chimbudzi ndiye nkhani yaikulu: paipi yake ya mamilimita 110 imafuna kutsetsereka pafupifupi masentimita awiri ndi theka pa mita iliyonse, ndiye kuchisuntha mamita awiri okha kungatanthauze kuswa pansi ponse mpaka panja. Woyenera ntchitoyi amayenda m'nyumbamo ndi choko isanayambe, n'kujambula pakhoma pomwe padzakhale bedi, firiji, TV, sinki. Akatero watseka nkhani, ngakhale mawa aone khitchini yokongola kwa mnzake. Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Makoma asanamatidwe jambulani zithunzi zoonetsa momwe mapaipi ndi mawaya adutsa, mudzazifuna tsiku lokhoma shelefu. Mapaipi a madzi ayesedwe asanakwiriridwe: tsekani mipopi yonse madzulo, lembani nambala ya pa mita, mukaonenso m'mawa. Ikasuntha, penapake pakudontha.

M'banja, wolankhula ndi amisiri akhale mmodzi. "Madamu anati tiike apa" ndi "abwana anati tichotse" zawonongetsa simenti yambiri kuposa mvula. Kanganani usiku kuchipinda, m'mawa kutuluke mawu amodzi.

Pa matailosi, chipinda chija cha mamita 4 kwa 3 ndi masikweya mita 12. Onjezerani 10 peresenti ya zoduka ndi zosweka, afika 13.2. Matailosi a masentimita 60 kwa 60 kawirikawiri amakhala anayi m'katoni, omwe ndi masikweya mita 1.44, choncho mugula makatoni 10. Gulani onse tsiku limodzi ndipo onani kuti nambala ya batch pa makatoni, yosonyeza gulu lopangidwa nthawi imodzi ku fakitale, ikufanana, chifukwa mtundu womwewo ukachokera ku batch ina umasiyana pang'ono, ndipo kusiyanako mudzakuona tsiku lililonse mukamakolopa. Woika matailosi azipaka guluu pansi ponse ndi chopakira cha mano, osati kuika timibulu tisanu kumakona ndi pakati. Akamaliza gwadani pansi ndi kiyi m'manja, mugogode tailosi iliyonse. Yogwira bwino imalira mogontha, yamphako imalira ngati ng'oma, ndipo imeneyo idzasweka tsiku limene mwendo wa sofa udzaiponda. Ku bafa khuthulani ndowa ya madzi musanalipire. Madzi apite okha ku dzenje, asathamangire ku chitseko kapena kuima pakona.

Palinso malo amene munthu wanzeru amavomereza kuti apa si panga. Khoma la pakati pa balaza ndi khitchini limene mukufuna kuchotsa mwina ndi limene lanyamula mitengo ya denga. Musanaligwetse abwere injiniya kapena womanga wodziwadi, akwere m'siling'i aone, ndipo pamalopo paikidwe lintala kapena bimu yoyenera. Kuwonjezera chipinda m'tauni kumafuna pulani yovomerezedwa ndi khonsolo. Magetsi apatseni munthu wa chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, koma inuyo dziwani kuti waya wa magetsi ounikira ndi wokula masikweya milimita 1.5, wa masoketi ndi 2.5, wa kuka ndi 6. Waya wotchipa modabwitsa mupale ndi mpeni: mkati mukayera m'malo mofiira, ndi aluminiyamu wopakidwa kopa, ndipo amatentha. Malata nawo musapusitsidwe ndi nambala, geji 32 ndi yopyapyala kuposa geji 28.

Ndalama musayambe nayo yokwanira ndendende. Nyumba yakale imabisa zambiri, mukatsegula siling'i mupeza chiswe chadya mitengo yomwe simunaiwerengere. Sungani padera 15 kapena 20 peresenti. Mitengonso sidikira munthu: kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anali ndi kotesheni m'thumba anaipeza yasanduka pepala wamba. Choncho ndalama ikapezeka gulirani zosawonongeka, monga malata, matailosi, mawaya ndi mapaipi. Simenti yokha musaunjike. Igulidwe ya masabata ochepa, isanjidwe pa matabwa, isagunde khoma, chifukwa ikakhala miyezi itatu imayamba mibulu ndipo mphamvu imatsika.

Abale athu a ku Joni ndi ku UK, nkhaniyi ikukukhudzani kwambiri. Chithunzi cha pa WhatsApp chimaonetsa khoma losalala, sichionetsa kuti munalowa mawilibala angati. Ndipo mukaika achimwene anu kapena alamu kuti aziyang'anira, manyazi aja mwawachulukitsa kawiri: iwo akuchita manyazi ndi mmisiri, inu mukuchita manyazi kuwafunsa malisiti, mukafunsa mayi akuimbirani kuti mwayamba kukayikira abale. Kuli bwino kulipira foromani amene si m'bale wanu, amene mungamuchotse popanda msonkhano wa banja, ndipo katundu muzilipira nokha ku hadiweya. Amene muli konkuno koma mumatuluka 6 koloko m'mawa n'kubwera kutada, inunso muli kutali chimodzimodzi. Zolakwika zambiri zimachitika pa ola losakaniza ndi pa ola lokwirira, ndipo maola amenewo mumakhala muli ku ofesi.

Mukafuna kudziyesa musanagule ngakhale msomali umodzi, itanani amisiri atatu aone ntchitoyo, aliyense akulembereni kotesheni yosiyanitsa leba ndi katundu. Pemphani kuti akuonetseni nyumba imene anaimaliza chaka chatha, osati ya mwezi uno, mukaione ndi maso n'kulankhula ndi mwini wake. Mukasankha mmodzi, imbirani foni awiri otsalawo muwauze kuti ntchito mwapatsa wina. Mukapeza kuti patha masiku atatu foni imeneyo simunaimbe, ndipo mmodzi wa iwo mukumuzemba potuluka m'tchalitchi, ikani ndalama ya foromani mu bajeti.