Njala ya Febuluwale timaigula tokha mu Juni

Maganizo anga awa, wokwiya akwiye basi.

Ife a ku Angónia, Tsangano mpaka ku Macanga kuno ku Mozambique palibe angatinene kuti ndife aulesi. Mu Juni kuzizira kwa kuno mukukudziwa, koma munthu m'mamawa ali kale kudimba akuthirira kachewere ndi kabichi, asanapume n'komwe nazale ya fodya yayamba. Kachewere amene akukazinga ku Tete ndi ku Moatize wambiri amakwera galimoto kuchokera konkuno. Nde zimatheka bwanji kuti pofika Januwale ndi Febuluwale anthu omwewa tili pa ganyu m'munda mwa mnzathu, kufuna kachidebe ka chimanga, munda wathu udzu uli m'chiuno?

Ine ndimaona kuti nkhani yonse imagona pa sabata imodzi, sabata imene ndalama yalowa. Ya mlimi simabwera mwezi ndi mwezi ngati ya aphunzitsi kapena a ku migodi ya malasha, imabwera kamodzi, fodya kapena soya ukagulitsa, ndiye iyeneranso kudikira mpaka Novembala kuti igwire ntchito yake yeniyeni. Miyezi yonseyo ili m'thumba mwa munthu amene wavutika chaka chathunthu ndipo mtima ukumuuza kuti achimwene mwakhetsa thukuta, dzipepeseni. Pa baraka, pomwera mowa paja, anzako amadziwa tsiku limene walandira kuposa akazi ako kkkk.

Pano zafika poipa chifukwa cha foni. Kale ndalama inkamangidwa pa kansalu ka amayi a kunyumba, kuti uitenge unkayamba wafotokoza. Lero ili pa M-Pesa kapena e-Mola, zabwino ndithu, wakuba m'chapa, minibasi zathu zija, sakupezanso kanthu, koma ndalamayo ukugona nayo, pakati pa usiku ukhoza kuitumiza kwina kulikonse popanda wokufunsa. Onjezanipo juga ya pafoni ya kandege kaja anyamata akubetcha, munthu maso ali pafoni kudikira kuti kakwere, thumba la feteleza likuuluka iye akuona. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, ndalama ya pafoni ndi ya pachala imeneyo.

Chimene sindigwirizana nacho ndi zolumbira zija za pa 1 Januwale, chaka chino mowa ndasiya, chaka chino ndisintha. Sizikhalitsa ndipo sikuti munthuyo ndi wabodza ayi. Walumbira inde koma njira yochokera kumsika ndi yomweyo yodutsa pa baraka, anzake ndi omwewo, nthawi yake ndi yomweyo, ndalama ili m'thumba lomwelo. Mtima wokha sungalimbane ndi zonsezo tsiku ndi tsiku. Anthu amene ndawaona akusintha zenizeni sanalumbire pamaso pa aliyense, anangosuntha zinthu kuti ndalama isakumane ndi chilakolako.

Tsiku logulitsa, asanafike kunyumba, wadutsa kale pogulitsa feteleza, NPK wobzalira ndi ureya wobereketsa akwera panjinga, kunyumba akasanjika pa matabwa pouma. Thumba la makilo 50 sungapite nalo ku baraka. Chimanga nachonso chimodzimodzi, amayamba wapatula chakudya cha banja mpaka Epulo wa chaka chamawa, kuthira mankhwala a anankafumbwe kapena kuika m'matumba a PICS aja osalowa mpweya, chotsalacho nde n'kumakambirana ndi mavenda. Ambiri timachita chozondoka, kugulitsa mu Meyi ndi Juni mtengo uli pansi chifukwa aliyense ali nacho, kenako kudzagula chomwecho mu Febuluwale kwa venda yemweyo mtengo utakwera, eti amatisungira.

Ndipo phindu la zimenezi limakaonekera kumunda. Amene feteleza ndi mbewu zili m'nyumba, mvula yobzalira ikagwa kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala iye mawa lake ali m'munda. Apalira udzu usanakule, chimanga chikatha masabata atatu kapena anayi ureya walowa. Mnzake uja nthawi imeneyo ndi pamene akusaka ndalama, akupalira kwa eni, kwake adzafikako chimanga chitachita kale chikasu, feteleza wogula mochedwa uja athira pa mbewu yofooka. Minda yoyandikana, mvula imodzi, pokolola wina ngolo zingapo wina madengu, basi tiyambe kunena kuti amakawa ndi mankhwala.

Apa amayi anatiposa kalekale, tivomereze abambo. Magulu awo osunga ndalama a poupança aja, sabata iliyonse kuponya kangachepe, bokosi lili ndi maloko ndipo makiyi ali kwa anthu osiyana, ngakhale mwini ndalama sangaitenge chifukwa choti lero kukhosi kwauma. Xitique, kusonkherana ndalama n'kumalandira mosinthana kuja, nayonso ndi nzeru yomweyo. Changa chimodzi chokha, magulu ambiri amagawana mu Disembala, ndalama n'kuthera zovala za Khirisimasi ndi mpunga wa tsiku limodzi. Bwanji osagawana mu Okutobala, nthawi yogula mbewu?

Wina anena kuti iwe ukuyankhula ngati mvula umagwetsa ndiwe. Zoona, chilala cha El Niño cha 2024 chinapweteka ndi osamala omwe, makamaka kumunsi kotentha ngati ku Changara. Mtengo sitiika ife, masikelo ena tonse timawadziwa mmene amawerengera, misewu ya kumidzi nthawi ya dzinja galimoto safika. Zimenezo kudzuka m'mamawa sikungazikonze ndipo ndimanyansidwa ndi anthu okhuta amene amauza wosauka kuti umphawi uli m'mutu mwake. Koma ngakhale chaka choipa chomwecho, amene anali ndi kenakake m'bokosi la gulu sanathamangire kugulitsa mbuzi pa mtengo wongotaya.

Nde atsogoleri a magulu ku Ulongué, Domué ndi kwina konse, nkhani ya Okutobala ija kaikambiraneni pa msonkhano ukubwerawu mundiuze zimene anthu anena. Ndipo abambo mukalowa nawo m'gulu, makiyi asiyireni amayi chonde.