Nkhope zomwe zikukuyang'ana

Abale zithunzi za Zanele Muholi zandikhala pamtima sabata yonseyi ndiye ndilembe basi. A Muholi ndi wojambula wa ku South Africa, anabadwira ku Umlazi mu 1972, ndipo kuyambira 2006 akhala akujambula akazi akuda okondana ndi akazi anzawo komanso ma trans (anthu omwe anabadwa akutchedwa akazi koma amadzimva kuti ndi amuna, kapena mosemphanitsa), ntchito yomwe anaitcha Faces and Phases. Palibe zokometsera ayi, munthu wangoima, kumbuyo kuli khoma kapena nsalu, wina wavala chipewa wina wapinda manja pachifuwa, maso ali pa iwe osaphethira, pansi pake alemba dzina lake, malo ndi chaka. Ukamayang'ana umayamba ndiwe kuthawitsa maso.

Ine chomwe chandigwira ndi ichi. Anthu a LGBTQ, ndiye kuti okondana amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, ma trans ndi ena otero, timawakamba kwambiri ma group mu ngati nkhani chabe, "anthu amenewo", opanda nkhope, ndipo munthu wopanda nkhope ndi wosavuta kumutukwana. Koma akakuyang'ana chonchi umaona kuti ndi mwana wa munthu, ali ndi amayi ake omwe amamudera nkhawa akachedwa kufika pakhomo. Nkhawayo ndi yeniyeni, South Africa inavomereza maukwati a amuna okhaokha kapena akazi okhaokha mu 2006 koma mu 2008 Eudy Simelane, mkazi wokondana ndi akazi anzake yemwe ankasewera mpira mu Banyana Banyana, timu ya dziko ya akazi, anagwiriridwa n'kuphedwa ku KwaThema. Lamulo linalipo kale papepala.

Ena munena kuti nanga kuonetsa nkhope si kuwaika pangozi? Funso limeneli ine sindilipeputsa, chifukwa kamera yomweyi inagwirapo ntchito yoipa. Mu 2010 nyuzipepala ya Rolling Stone ya ku Uganda inatulutsa zithunzi ndi mayina a anthu omwe inkati ndi a LGBTQ n'kulemba kuti apachikidwe, David Kato, womenyera ufulu wa anthuwa, anali m'gulu lomwe linaitengera kukhothi, anawina, koma mu Januwale 2011 anaphedwa kunyumba kwake. Ndiye kusiyana kuli pa chilolezo. Uko anawabera nkhope, kwa a Muholi munthu amabwera yekha, amasankha zovala, amaima mmene akufunira, mwakuti a Muholi sawatcha ojambulidwa koma otenga nawo mbali, ndipo ena amabwerera kukawajambulanso patapita zaka kuti tione akukula, akusintha, ali moyo. Nchifukwa chake zimandipweteka ndikaona munthu akusheya chithunzi cha mnzake cha mufoni kuti amuyalutse, chonde tisamatero.

Mu 2012 akuba anathyola nyumba ya a Muholi ku Cape Town n'kutenga ma hard drive opitirira 20 momwe ankasungiramo zithunzi, ntchito ya zaka zambiri, ndipo ena mwa anthu omwe anali mmenemo anali atamwalira kale moti sungawajambulenso. Ndikaganiza zimenezi mtima umandiwawa zedi. Koma a Muholi ananyamulanso kamera n'kupitiriza.