Chenjezo kwa alimi amene mukulota uphungu, ndi kwa inu owakuwiza

Wakutsina khutu ndi mnansi, choncho musandikwiyire. Ndavota zisankho zonse kuyambira 1994, ndipo pali khalidwe lina limene landiwawa mtima mpaka ndalephera kukhala chete.

Kwathu kuno ku Kasungu kunali bambo wina, dzina ndisunga chifukwa ana ake alipo. Ameneyu anali mlimi weniweni. Zigafa zili ndandanda, khola lodzaza ng'ombe, ngolo zake, matenanti ake, mabelo akupita ku okushoni ya ku Chinkhoma chaka ndi chaka. Njala ikafika mu Febuluwale tinkathawira kwa iyeyo kukagwira ganyu, n'kubwerako ndi chimanga. Ndiye anthu anayamba kumuzungulira: "Bambo, imani, ndinu nokha amene mukudziwa mavuto athu." Ena mwa anthuwo ankanena zoona. Ambiri ankangoyang'ana m'khola.

Nthawi imeneyo chisankho chinkachitika mu Meyi. Taganizani, alimi anzanga: kampeni inkagwira moto mu Malichi ndi Epulo, nthawi yothyola fodya, yosoka, yosankha ndi yodinda mabelo. Mwini munda ali pamsonkhano, fodya akuwola m'chigafa. Ng'ombe zinayamba kutuluka imodziimodzi, iyi ya zisankho zachipulula, iyi ya nsalu za chipani, iyi ya mafuta a galimoto, iyi ya anyamata oimba nyimbo. Zitatha anapita kwa a katapila. Mayi a kunyumba analira, abale anakhala naye pansi, iye n'kumati zonse zidzabwerera akakalowa.

Analowadi. Koma tsiku limene anayamba kutchedwa "olemekezeka" ndi limene khomo lake linasanduka chipatala, sitolo ya mabokosi a maliro ndi ofesi ya sukulu fizi. Tambala asanalire anthu ali kale pakhonde. Munda anausiyira achibale oti sanagonepo ku nazale. Zaka zisanu zinatha, anthu omwe aja anamugwetsa, akuti wayamba kudzimva.

Tsono inu amene mukulima bwino lero, ndipo mwayamba kumva kukoma anthu akamakuitanani kuti bwana, mverani. Sindikuti mlimi asapite ku Nyumba ya Malamulo. Apite ndithu! Dziko lino limadya khasu, ndipo kumafunika munthu wodziwa mtengo wa thumba la feteleza, woti pokambirana za makuponi kapena za mitengo ya fodya ndi soya aziyankhula zimene anazigwira ndi manja. Koma mbewu sitidya. Mukagulitsa ng'ombe zokokera ngolo, mukapinyolitsa munda wa makolo, mwadya mbewu ya ana anu. Mipando ija ilipo 229 yokha kuyambira chisankho cha pa 16 Seputembala 2025, ndipo palibe mpando umene uli ndi dzina la munthu. Dzifunseninso ngati mwakonzekera ntchito yake. Gawo 51 la malamulo aakulu a dziko lino limafuna kuti phungu azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga mbali pa zokambirana. Kumeneko n'kowerenga mabilu ndi bajeti. Ngati cholinga chanu n'kungogawa ndalama pamaliro, khalani pamudzi, mudzathandiza anthu ochuluka ndi nkhokwe yanu.

Koma mkwiyo wanga waukulu uli pa ife ovota. Tilibe manyazi? Munthu akubwera kudzatiuza za mlatho umene umakokoloka dzinja lililonse, ife tikumudula pakamwa kuti "mutisiyira chiyani?" Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi zinthu pofuna mavoti, koma ndife amene timayamba kutambasula dzanja. Achinyamata, inu ndiye mwanyanya. Mumakwera lole tsiku lonse, kusiya dimba likuuma, chifukwa cha tisheti ndi kachasu. Lero muvala ya chipani ichi, mawa ya china. Ndipo kumbukirani kuti Gawo 64 la malamulo aakulu aja, limene linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe, linafafanizidwa mu 1995. Mukasankha munthu chifukwa cha sopo ndi mchere, mukhala naye zaka zisanu, ndipo iye adzakhala akubweza ngongole zimene anatengera sopoyo. Za chipatala chanu adzaganiza nthawi yanji?

Mafumu ndi akuluakulu a mipingo, inunso lekani kutumiza makalata opempha malata ndi simenti kwa aliyense amene wangoti akuganiza zoima.

Bambo uja ndinakumana naye mwezi watha pamsika. Anali atakwera njinga yobwereka, akugula chimanga cha m'chigoba kwa mnyamata amene kale anali tenanti wake. Tinapatsana moni, anandifunsa za ana, ine n'kumufunsa za kumunda. Anangoti malo aja anatenga eni ngongole, ndipo chaka chino alima kadimba ka akazi awo kutsidya kwa mtsinje.