Loji tinailola, koma atsikana 8 tikuwakana

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha: ndinasaina nawo. Lachiwiri madzulo ndili pambaula, anatulukira mayi wina wa mumzere mwathu pepala lili m'manja. "Amayi, tangoikani dzina apa msanga, akufuna atibweretsere mahule pakona paja." Anyezi anali akupserera, ndinangopukuta manja pachitenje, n'kulemba dzina ndi nambala ya puloti, iwo n'kupitirira khomo lina. Ndinali wa nambala 23. Mzere ndi umodzi womwe wa zolembedwa pamwambapo sindinawerenge.

Kwa amene simukhala kuno, nkhani yake ili chonchi. Nyumba yapakona ija, ya mpanda wosapaka pulasitala, yakhala yopanda munthu chichokereni eni ake kupita ku Joni. Bungwe lina laichita lendi kuti lizisungiramo atsikana 8 a zaka zapakati pa 13 ndi 17. Ena anawalanditsa ku mabanja omwe anawakankhirako akadali kupulayimale. Ena anagwiriridwa ndi wachibale, mlandu uli kukhoti, ndiye sangabwerere pakhomo pomwe wowagwirirayo akudya nsima atalandira belo. Ndipo tisanamizane, ena ndi othawa kwawo, alawapo chamba ndi kachasu, agonapo m'depoti, mwina anasololapo foni ya munthu mumsika. Si angelo ayi. Popeza pulotiyo m'mapulani a mzinda inalembedwa kuti ndi yokhalapo banja, bungwelo linapita kukhonsolo kukapempha chilolezo chosintha ntchito ya nyumbayo, monga limanenera lamulo la mapulani a malo la 2016. Zitangomveka, gulu lathu la pa WhatsApp linayaka moto.

Wina akuti nyumba zathu zitsika mtengo. Wina akuti zovala pachingwe zitha. Wina akuti ana athu atengera makhalidwe. Koma uthenga umene unandiletsa tulo ndi wa mayi wina, wamvano weniweni, amene analemba kuti, "Amuna athu atithera." Anthu anaika tizithunzi toseka tambirimbiri. Ndinauwerenga katatu. Ndiye kuti bambo wa zaka 50, wa galimoto ndi mimba yake, ndi amene akufunika chitetezo, ndipo woopsayo ndi mwana wa zaka 14?

M'mawa mwake popita kokakwera minibasi ndinayenda pang'onopang'ono n'kumawerenga. Mumsewu wathu womwewu, nyumba yachitatu kuchokera pamjigo wakale uja inasanduka loji zaka zapitazo. Tonse timaona magalimoto a magalasi akuda akulowa 12 koloko masana, ndipo tonse tinaonapo kamtsikana katavala juzi pamwamba pa yunifomu kakutuluka pageti lakumbuyo, maso pansi. Kutsogolo kwake kuli tchalitchi cha m'nyumba, masipika mpaka mbandakucha Lachisanu lililonse. Kuli galaja imene oilo wake amatsikira mu ngalande yathu. Kuli nazale ya ana osawerengeka m'nyumba ya zipinda zitatu, chimbudzi chimodzi. Zonsezi zili pa mapuloti okhalapo mabanja. Pepala loyenda khomo ndi khomo silinatulukepo. Mwini loji timamupatsa moni wa manja awiri, pamaliro ndi amene amabweretsa nkhuni ndi thumba la ufa.

Tsono mundilole ndinene za pakhomo panga, chifukwa n'zimene zandichititsa kulemba zonsezi. Zaka zingapo zapitazo ndinali ndi mtsikana wantchito wa zaka 15, wochokera kumudzi kwathu. Ankagona m'kachipinda kosungira makala ndi chimanga, pamphasa, ndipo ankadzuka 5 koloko kuwiritsira ana anga madzi osamba kuti apite kusukulu, iye n'kutsala akukolopa. Tsiku lina ndinaona kuti akusanza kuseri kwa bafa ndipo zipi ya siketi sakuitseka. Ndinamufunsa funso limodzi lokha, loti mwezi wangati. Loti mwini mimba ndi ndani sindinafunse, ndinkaopa yankho, pakuti pageti pathu pankalowa amuna odziwika okhaokha. Ndinamupakirira zovala m'jumbo, ndinamukweza minibasi, ndinamufumbatitsa ya transipoti ndi ya sopo. Pokwera anagwada pang'ono n'kunena kuti, "Zikomo amayi, mutsale bwino." Nambala ya mayi ake ndinaifufuta sabata yomweyo.

Ndikudziwa kuti si ine ndekha. Atsikana a msinkhu womwe tikuukanawu adzaza kale m'dera lino, ali m'makhitchini mwathu ndi m'maboyizikota, abereka makanda athu kumsana. Akamatichapira sitiona vuto loti akhale pakati pathu. Paukwati timakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma chimene tinagwira zolimba ndi mbali yachiwiri ija, yakuti ukachenjera manja udya naye.

Ena mukuti akamange kunja kwa tauni, kutchire kopanda anthu. Chabwino, nanga sukulu akaphunzira kuti? Wamimba akadwala pakati pa usiku apita bwanji kuchipatala? Amene mlandu wake uli kukhoti la ana ayenda bwanji tsiku lokaperekera umboni? Mwana amene anthu anamuwononga amachira pokhala pakati pa anthu, kutumidwa tomato pamsika, kupatsidwa moni, kukalipiridwa ndi agogo apafupi akavala zosayenera.

Komanso malo oti apite ndi ochepa kwambiri. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limanena za malo achitetezo osungirako mwana amene ali pachiopsezo, ndipo silifuna kuti mwana azitsekeredwa pamodzi ndi akuluakulu. Malo aboma osinthira ana khalidwe omwe ambirife timawadziwa ndi Mpemba ku Blantyre ndi Chilwa ku Zomba, ndipo kumeneko mwana amapita khoti likalamula. Nanga uyu wosalakwa kanthu, amene aphunzitsi amuimbira 116, nambala ya foni yothandiza ana ija, apolisi a kuvikitimu amutenga, achipatala amupima, ikakwana 6 koloko madzulo agona kuti? Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti atsikana 29 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena anali oyembekezera, ndipo amayi 42 pa 100 a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanakwane zaka 18. Mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Tinaombera m'manja Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza pothetsa maukwati a ana. Koma ukwati ukathetsedwa, makolo n'kumukana mwanayo poti wawatayitsa mkamwini wa njinga yamoto, payenera kupezeka khomo loti alowepo.

Mantha amenewa si athu tokha. Ku America, mumzinda wa Cleburne ku Texas, akuluakulu a mzinda anakana kupereka chilolezo cha nyumba yosungira anthu 13 aulumali wa m'maganizo. Zifukwa zake zinali ngati zathuzi: oyandikana nawo akuopa, tsidya la msewu kuli sukulu, malowo madzi atha kusefukira. Mu 1985 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti kumeneko n'kusala chabe, pakuti m'dera lomwelo nyumba zogona alendo, zipatala ndi nyumba za okalamba sizinkafunika chilolezo chapaderacho. Ndikawerenga zimenezo ndimangoona loji yathu ija.

Sindikuti khonsolo ingodinda chidindo maso ali chotseka. Ayi ndithu. Tawaonapo anthu otsegula malo osungira ana kuti azijambula zithunzi zotumiza kwa azungu, ana akudya phala lopanda shuga, mwini bungwe akumanga nyumba yosanja. Mafunso alipo, ndipo ndi amene anayenera kukhala papepala lija. Kodi bungweli linalembetsedwa ku unduna woona za ana, ndipo a zachisamaliro cha anthu a paboma azibwera kangati kudzayendera? Usiku azigona ndi anawo ndani, matroni ndi mmodzi kapena awiri? Mlonda wapageti mbiri yake anaifufuza? Madzi akasiya masiku atatu monga amachitira kuno, thanki ilipo? Dzenje la zimbudzi lija linakumbidwira banja la anthu 5, likwanira anthu 12? Ndalama za opereka thandizo zikadzatha, anawo adzapita kuti? A bungwe akalephera kuyankha zimenezi, ndidzakhala woyamba kuimirira kuti chilolezo chidikire. Koma pa mauthenga oposa 200 a pagulu paja, funso loti atsikanawo azidya chiyani kapena azigona pa chiyani silinatuluke ngakhale kamodzi.

Dzulo ndinapita kwa mayi uja kukapempha kuti ndifufute dzina langa. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Ndiye muziwalandira kwanu, amayi." Ndinati chabwino, geti langa ndi lachinayi kuchokera pakona, la buluu. Anati pepala analipereka kale kwa amfumu. Ndiye Loweruka 2 koloko pamsonkhano wa pansi pa mtengo wa mango paja ndikapempha cholembera pamaso pa onse. Amene muli ndi mipando yapulasitiki mutengeko, mabenchi aja anathyoka.