Inu ogula masheya mosawerenga, imvani za Ferdinand Pecora

Ana anga, ndikulankhula ndi inu amene mukuthira ndalama m'masheya chifukwa wina pa gulu la WhatsApp wati "gulani msanga, mtengo ukukwera". Ena mwatapa penshoni ya mayi anu, ena mwakongola ku banki m'khonde, ena mpaka katapila. Ndikafunsa kuti kampaniyo inapindula zingati chaka chatha, mumangondiyang'ana kukamwa yasa. Khalidwe limeneli mulisiye. Khalani pansi ndikuuzeni za loya wina wa ku America, kuti mudziwe kumene anachokera mapepala ofotokoza za chuma cha kampani amene mukuwanyozawo.

Ferdinand Pecora anabadwira ku Sicily mu 1882, ndipo anafika ku New York ali wamng'ono, mwana wa munthu wosoka nsapato. Bambo ake atavulala pantchito, iye anasiya sukulu kuti adyetse banja. Zamalamulo anaphunzira uku akugwira ntchito, n'kukhala loya mu 1911. Ali woimira boma pa milandu ku Manhattan anatseketsa maofesi oposa 100 a akathyali amene ankalandira ndalama za anthu ponamizira kuwagulira masheya.

Msika wa masheya wa ku New York unagwa mu Okutobala 1929, anthu miyandamiyanda n'kusauka. Komiti ya Senate, nthambi ya nyumba ya malamulo ya America, yoona za mabanki inayamba kufufuza, koma maloya oyamba sanaphule kanthu. Mu Januwale 1933 anaitana Pecora, malipiro ake madola 255 pamwezi. Tamvani chimene anachita. Asanafunse funso ngakhale limodzi, anaitanitsa mabuku a misonkhano ya akuluakulu a National City Bank, imene lero tikuitcha Citibank, n'kuwawerenga tsamba ndi tsamba. Pofika pa 21 Febuluwale, tsiku limene mkulu wa bankiyo, Charles Mitchell, anakhala pampando wa mboni, Pecora anali atadziwa kale mayankho.

Zimene zinatuluka n'zochititsa manyazi. Kampani ya bankiyo inagulitsa kwa anthu wamba mabondi, kutanthauza mapepala a ngongole, a dziko la Peru a madola 90 miliyoni, pamene makalata a m'kati mwa ofesi yawo yomweyo ankachenjeza kuti Peru sadalirika pobweza ngongole. Ogula sanauzidwe, ndipo mu 1931 Peru inasiya kulipira. Msika utagwa, mabwana anabwerekana madola 2.4 miliyoni a banki, ambiri opanda chiwongoladzanja, koma makalaliki amene anagula masheya a bankiyo pangongole ankadulidwabe malipiro pa mtengo wokwera umene anagulira msika usanagwe. Mitchell mwiniwake analandira ndalama zoposa madola 1 miliyoni mu 1929 osapereka msonkho, chifukwa anagulitsa masheya kwa mkazi wake kuti zioneke ngati waluza. Sabata isanathe anatula pansi udindo.

Mboni imene imandikhudza kwambiri ndi bambo wina wa ku Pottsville, ku Pennsylvania. Anali ndi madola pafupifupi 100,000, thanzi lake silinali bwino, ndipo ankangofuna posunga chuma chake. Anayankha chilengezo cha malonda cha kampani ya banki ija, n'kumubwerera mnyamata wolankhula mokoma. Anamuuza kuti agulitse mabondi a boma la America amene anali nawo, akongole zina, agule zimene kampaniyo inkatsatsa. Mitengo itayamba kutsika iye anafuna kugulitsa, koma anamunyengerera kuti adikire. Zonse zinapita. Bamboyo sanali chitsiru, ana anga. Anakhulupirira dzina lalikulu ndi suti yabwino, monga mukuchitira inu lero. Kusiyana kwake n'kwakuti iye analibe lamulo lokakamiza wogulitsa kumuuza zoona.

Lamulolo linabwera chifukwa cha ntchito imeneyi. Mu Meyi 1933 Purezidenti Franklin Roosevelt anasaina Securities Act, yolamula kuti wogulitsa masheya kwa anthu aulule zonse zofunika polemba, ndipo akanama aimbidwe mlandu. Mu 1934 kunakhazikitsidwa bungwe la SEC loyang'anira misika ya masheya, Pecora n'kukhala mmodzi mwa makomishonala ake oyamba. Kenako anakhala woweruza ku New York kufikira 1950, ndipo anamwalira mu Disembala 1971 ali ndi zaka 89.

Koma mvetsani bwino apa, chifukwa ndi pamene ambiri mukusochera. Lamulo lotere silikulonjeza kuti masheya amene mwagula ndi abwino. Limangokakamiza mwini kampani kuika zoona patebulo, kuwerenga n'kwanu. Ndiponso kufufuza konse kuja sikunabwezere anthu ndalama zawo. Mitchell khoti linamupeza wosalakwa pa mlandu wozemba msonkho, ngakhale boma linadzamulipiritsa pambuyo pake. Ndiye inu amene mumati "zikavuta tidzakasuma", mudzalipira loya ndi chiyani ndalama zitapita kale?

Kwathu kuno kampani ikamalowa pa Malawi Stock Exchange imatulutsa prospectus, chikalata chofotokoza za bizinesi yake kwa ofuna kugula masheya, chaka ndi chaka imasindikiza lipoti la zachuma, ndipo imaitana eni masheya ku msonkhano. Inu lipoti simuwerenga, kumsonkhano simupita, ndipo mukapita mumakhala duu kuopa kuoneka osadziwa. Akulu anati safunsa anadya phula. Choipa koposa, ena mukutumiza ndalama pafoni kwa munthu amene simunamuonepo, wolonjeza phindu lowirikiza pamwezi, kenako n'kukokeramo azakhali anu ndi anzanu a kutchalitchi. Zikadzagwa mudzawayang'ana ndi nkhope yanji?

Musanapereke kwacha n'imodzi yomwe, funsani ngati wogulitsayo ali ndi chiphaso cha Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, ndipo mukatsimikize nokha. Mufunseni kuti iyeyo akudyapo zingati inu mukagula. Tsegulani prospectus pa tsamba lofotokoza zimene zingagwetse bizinesiyo, muwerenge mpaka kumapeto, ndipo pamene simukumva funsani munthu amene sakukugulitsani kanthu. Akakana kukuonetsani mapepala, kapena akati nthawi yowerenga palibe, nyamulani chikwama chanu muzipita.