Opalasa mabwato pa Ruo aphunzitsidwe malamulo a pamadzi

Abale anga a kuno ku Mulanje, nkhani ya mabwato a pa Ruo imandisowetsa mtendere makamaka mvula ikayamba chonchi. Tsiku ndi tsiku anthu akuwoloka kupita ku Mozambique, ena kukagula chimanga ndi nandolo, ena kuminda, ena kwa achibale, koma mnyamata wagwira nkhafi uja palibe anamukhazikapo pansi kumuuza lamulo ngakhale limodzi, anangoonera kwa amalume ake basi. Luso ali nalo sindikukana, koma luso lokha silimuuza chochita akakumana ndi mnzake pakati pa mtsinje.

Ambirife timayesa malamulo amenewa ndi a Ilala ndi masitima a ku Monkey Bay okha. Ayi ndithu. Malamulo opewera kugundana panyanja amene mayiko anagwirizana mu 1972 amatchulanso ngakhale bwato lopalasa. Ndipo si ovuta. Oyendetsa maboti a injini akakumana maso ndi maso aliyense akhotere kumanja kwake. Apa mpamene pali ngozi, chifukwa ife pamsewu tinazolowera kumanzere, ndiye mnyamata woti dzulo amapalasa kabaza lero wagwira nkhafi thupi lake limuuza kuti thawira kumanzere, pomwe wa boti ya injini woti anaphunzira akukhotera kumanja kwake, onse awiri athawira mbali imodzi, phwaa. Njira zanu zikapingasana muli m'maboti a injini, iwe amene ukumuona mnzako kudzanja lako lamanja ndi amene umadikira nkudutsa kumbuyo kwake. Ukamapitirira mnzako udindo wompatsa mpata ndi wako. Usiku boti imayatsa getsi lofiira kumanzere, lobiriwira kumanja, ndipo wa bwato akhale ndi tochi yowala zoyera, aiyatse nthawi ikadalipo, osati mnzake atafika kale pamphuno.

Koma chondiopsa kwambiri ine ndi katundu. Mwaonapo bwato likunyamuka pa doko, matumba asanjikizana, njinga yamoto pamwamba, mayi wabereka mwana wakhala pathumba, madzi atangotsala chikhatho chimodzi kuti alowe? Ndipo nthawi zambiri okakamiza ndife okwera, ati achimwene tinyamuleni tachedwa. Katundu wolemera amayenera kukhala pansi komanso pakati, anthu akhale pansi osaimirira, chigubu chodula chokapira madzi chikhale pafupi ndi dzanja. Powoloka mphuno ya bwato iloze chakumtunda pang'ono, chifukwa madzi othamanga akalimenya cham'mbali litalemera chonchija kutembenuzika sikuchedwa.

Komanso Ruo amachokera m'phiri lathu lomweli. Kumtunda ikhoza kugwa mvula yamphamvu kuno kumunsi dzuwa likuswa mtengo, kenako mungoona madzi asanduka ofiira, akubwera ndi zinyalala ndi mitengo. Zikatero wa bwato ali ndi ufulu wokana kuwolotsa ndipo tisamunyoze kuti ndi wamantha. Tonse tinaona mu Malichi 2023 nthawi ya namondwe wa Freddy mmene mitsinje yathu imasinthira mkanthawi kochepa.

Pempho langa likupita kwa mafumu athu ndi akuluakulu oyang'anira za maulendo a pamadzi. Bwerani m'madoko muno mudzawaphunzitse anyamatawa mu Chichewa, ngakhale tsiku limodzi lokha. Bwato lililonse lilembedwe mzere wa penti woti madzi akaufika sakwezanso munthu kapena thumba, ndipo pa ndalama zimene timalipira powoloka pazipatulidwa kangachepe kogulira majekete oyandamitsa, tiyambe ndi a ana.